Simenti yakuda ya amuna anga

Amuna anga ankakhulupirira simenti kuposa mmene ankandikhulupirira ine. Si nsanje ayi, ndikungonena zomwe ndinaona.

Tinkachita lendi ku Chinyonga, zipinda ziwiri, ana anayi. Iwo anali kalaliki pa kampani ina ku Limbe, ndipo kunali kutatsala zaka zinayi kuti apume pa ntchito. Puloti tinali nayo ku Chirimba, yongomera udzu. Ine chomwe ndinkafuna chinali chimodzi: tsiku lopumalo lidzatipeze m'nyumba yathuyathu, chifukwa penshoni siingalipire lendi mu Blantyre muno.

Ndiye wailesi inayamba kulalikira za utsi. Akuti mafakitale a simenti amatentha miyala ndi malasha ochuluka, utsi wake ukusokoneza mvula padziko lonse, choncho kukubwera simenti yatsopano yosakaniza ndi phulusa komanso dothi lowotcha. Nthawi yomweyo m'masitolo munadzaza ina yotchipa yochokera kunja, yathu ya konkuno n'kumaoneka ngati ya mabwana okhaokha.

Abambo anazilandira ngati uthenga wa maliro.

"Amayi, mwamva? Akufuna kutigulitsa phulusa. Ine ndichoke ku Nsanje konse kuja kudzagula phulusa ku Limbe?"

Anali ndi sayansi yawoyawo. Ankapisa chala pakamwa pa thumba, n'kuchiyang'ana padzuwa. Ikakhala yakuda bii, imeneyo ndiyo simenti. Ikakhala yotuwa kapena yofiirira, ankapukuta chala pa buluku n'kuchoka osatsanzika. Munthu woti chibadwire sanagwirepo chipande cha mmisiri!

Anaganiza zogula yakudayo isanathe. Mwezi ukatha, matumba awiri pa wilibala. Mwini sitolo, mmwenye wachikulire wolankhula Chinyanja kuposa ine, anawachenjeza ndili pompo.

"Achimwene, simenti si chimanga. Musasunge. Gulani sabata yomangira."

"Mwamuona?" anandinong'oneza abambo titatuluka. "Akufuna yabwinoyi asungire abale ake."

Matumba anayamba kulowa kunsi kwa bedi. Atadzaza, anakwera khoma. Kenaka ana anasamutsidwa kukagona pabalaza kuti simenti ipeze malo. Ee, ana anga obereka ndekha, kupatsa ulemu matumba! Pansi pa nyumba ija pankatuluka chinyezi dzinja lililonse, mpaka nsapato kuchita nkhungu, koma abambo ankangoyala nyuzipepala n'kumati zatheka.

Ndinawachonderera kangapo kuti tikayambe maziko ndi omwe alipo.

"Nyumba siyambidwa ndi matumba khumi, amayi. Mukufuna a ku Chirimba atiseke?"

Amene anayenera kutiseka anali mayi wina wogulitsa kaunjika, mwini puloti yoyandikana ndi yathu. Iye analibe sayansi. Ankagula iliyonse yomwe wapeza, yotuwa, yofiirira, yakunja, thumba limodzi Lachisanu, pofika Loweruka lili kale pakhoma. Abambo tikapita kukalambula, ankamenya khoma lake ndi nsapato.

"Igwa iyi. Dzinja limodzi lokha."

Madzinja atatu anadutsa. Mayi uja anakhoma malata, n'kuika makatani, n'kutiitana kudzamwa tiyi. Abambo anakana, akuti sangakhale pansi pa phulusa.

Kutatsala mwezi umodzi kuti apume, anati tsopano akwana. Anaitana mmisiri kudzaona chuma chawo, atavala taye ngati akulandira mlendo wa boma. Mmisiri anayesa kunyamula thumba la pamwamba, silinapindike. Anatenga nyundo n'kumenya. Ngwee! Anayesa lachiwiri, lachitatu, mpaka la kunsi kwa bedi. Onse anayankha chimodzimodzi.

"Bwana," anatero akuvula chipewa, "nyumba munamanga kale. Kungoti munaimangira m'matumba."

Ndinali nditasunga mawu zaka zinayi, akuthwa bwino, oti ndidzawalasire tsiku ngati limeneli. Koma nditawaona atakhala pa thumba, taye ili pakhosi, mawu onse anandithawa. Ndinakwiya, ndinawamvera chisoni, ndipo ndinalira ngati mwana.

Miyala ija sinasowe ntchito. Landilodi anaipempha kuti atsekere ngalande yomwe madzi anakumba pakhomo, ndipo abambo anaitutira okha pa wilibala, osalola wina kuwathandiza. Mwezi wotsatira anapuma. Puloti tinagulitsa chaka chomwecho.

Tinakhalabe ku Chinyonga, ndipo m'mawa uliwonse popita kumpopi ndinkaponda pa nyumba yanga.