Tiyi wa makoko a nachesi

Fungo la makoko a nachesi oyanikidwa padzuwa limandibwezabe pakhonde la amayi ku Zobwe, ngakhale mutu wanga wayera mbuu tsopano. Nyumba yathu inali m'mbali mwa msewu wa kumalire, ndipo apaulendo ochokera ku Nyasalande ankakonda kutula katundu pabwalo pathu n'kupempha madzi akumwa. Pochoka, ena ankasiyira amayi timasamba ta tiyi totsalira m'mapepala awo, wina wa ku Thyolo, wina wa ku Mulanje, wina wosadziwika n'komwe kwawo. Amayi sankataya kanthu. Ankakhuthulira zonsezo m'lichero, n'kupeta kuti tizitsotso tichoke, kenaka n'kusinja makoko ouma a nachesi n'kusakaniza. Tiyi wawoyo analibe dzina, koma wolawa kamodzi ankapeza chifukwa chodzeranso kwathu.

Chaka chimene mano anga akutsogolo anali atangomeranso, amayi anayamba kutsokomola. Chifuwa chinawagwira nthawi yachisanu, nkhungu itakuta phiri, ndipo pofika chilimwe anali ataonda moti nsalu inkawazungulira kawiri. Asisitere a kumishoni anati agonekedwe kuchipatala. Malume anali ku Halale, agogo anali atatisiya kale, choncho panalibe wondisunga. Atate, amene ankakumba malasha ku Moatize ndipo tinkawaona pa Khirisimasi pokha, imene kwathu tinkati Natale, anabwera kudzanditenga.

M'mawa wa ulendo amayi anandiitana pamphasa pomwe anagona. Anandifumbatitsa kachitini kawo kofiira, kodzaza mpaka pakamwa.

"Rozina, uzimwa pang'onopang'ono," anatero. "Ndidzabwera kudzakutenga tiyi ameneyu asanathe."

Ndinawakhulupirira, chifukwa amayi sanandinamizepo ngakhale pa nkhani ya mankhwala owawa.

Tinakwera kamiyau, lole yodzaza matumba, ndipo pamene tinkatsika mapiri mphepo inkanka nitentha. Mitengo yobiriwira inatha, kunayamba milambe yopanda tsamba. Ku Moatize dzuwa silinkacheza ndi munthu. Fumbi la malasha linkalowa paliponse, m'mphuno, m'zikhadabo, ngakhale m'madzi a mumtsuko wovundikira. Nyumba za antchito zinali zofanana m'mizere, ndipo pakhomo pa ina mwa izo tinapeza mayi wamtali, wowonda, atayima ngati akudikira mlandu. Atate anati amenewa ndi a Zabeta. Palibe anandiuzapo kuti atate anali ndi mkazi wina, koma mwana saphonya zoterezi. Ndinawapatsa moni wa m'mphuno n'kulowa nditakumbatira kachitini kanga.

A Zabeta analibe mwana, ndipo ankalankhula Chinyungwe chimene ndinkangotolapo mawu apa ndi apo. Lipenga la kumgodi likalira, atate ankapita kukalowa pansi. Posakhalitsa a Zabeta nawo ankanyamuka kukachapa ndi kusita kwa dona wina kunyumba za Azungu. Ine ndinkatsala ndekha. Ana a pamzerewo ankandiseka kalankhulidwe, ankati ndine wa kumapiri, ndipo ine pokhala wamtima wapachala sindinawanyengerere. Ndinkakhala kuseri kwa nyumba, kusuntha ndi mthunzi, kumvetsera sitima ikukokera malasha kutali. Ndinkasowa amayi kwambiri.

Chinthu chokha chimene chinali changa ndi tiyi. M'mawa uliwonse ndinkatapa ndi zala ziwiri n'kuponya m'kapu ya madzi otentha, ndipo nthunzi ikakwera ndinkatseka maso n'kufika kwathu. Sindinagawireko munthu, ndipo palibe anapempha. Koma kachitiniko kanandisautsanso. Tsiku lina ndinkatapa kwambiri kuti tiyi athe msanga amayi abwere. Mawa lake mantha ankandigwira, ndinkadzifunsa kuti nanga akatha iwo asanafike ndidzatani, ndiye ndinkangonunkhiza n'kutseka. Ndinatenga munga n'kumakanda kamzere m'kati kuti ndiziona pamene tiyi wafika. Timizereto tinkatsikira pansi, ndipo a Zabeta ankandiona ndikukanda.

Tiyi atafika cha pakati, kunabwera munthu wina kudzanong'oneza atate pakhomo. Atate anapempha masiku kuntchito, nati akupita ku Zobwe kukaona za munda. Anabwerako atameta mpala. Ine ndinaseka, ndinati mutu wawo ukuoneka ngati chipanda. Palibe anandithandiza kuseka, ndipo a Zabeta anatuluka panja ngati aiwala china pamoto. Nditafunsa za amayi, atate anayang'ana pansi n'kunena kuti tidzakamba akapuma. Ndinafunsanso a Zabeta. Iwo anati, "Mangwana, mwanangu," kutanthauza kuti mawa. Mangwana ameneyo sankafika.

Kuyambira pamenepo tiyi analeka kutsika. Ndinkatapa m'mawa, koma tsiku lotsatira ndinkamupeza ali pakamzere komweko. Poyamba ndinkati ndi manja anga osamala. Kenaka ndinaona kuti mtundu wake m'kapu ukunka nudera, ndipo pakati pa masamba aatali a amayi pankaoneka ena osalala ngati fumbi. Chimene chinaulula zonse ndi mphuno. M'mawa wina ndinatseka maso monga mwa masiku onse, koma sindinafike kwathu. Tiyi ankanunkhira ndimu.

Lamulungu lina masana a Zabeta anandituma kukatunga madzi. Kumpopi kunalibe anthu, choncho ndinabwerako msanga, ndipo ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pamalo panga pomwe, lichero lili pamiyendo. Kachitini kanga kanali chozondoka pambali. Anali atayala timapepala tambiri, kalikonse kali ndi tiyi wake wotsalira, ndipo pansanza panali makoko a ndimu osinjasinja. Ankatapa apa pang'ono, apo pang'ono, n'kusakaniza ndi tiyi wa amayi, kenaka n'kununkhiza ali chikwinyire pamphumi.

Mtsuko sindikumbukira kuti ndinautula bwanji. "Mukuchita chiyani ndi tiyi wa amayi anga?" ndinakuwa. "Tiyiyo akapanda kutha, amayi abwera bwanji? Inu simukufuna kuti abwere!"

A Zabeta sanadzikanire. Anayang'ana m'lichero n'kuyankha m'Chinyanja chawo chothyokathyoka.

"Nachesi ndafuna msika wonse, mwanangu, kuno kulibe. Ndapeza ndimu basi. Undikhululukire."

Ndinawalanda lichero n'kukhala pansi kuti ndisankhule masamba a amayi ndi kuwaika paokha. Ndinatola, ndinatola, misozi ikudonthera momwemo, koma zosakanizidwa kale sizimva kulira kwa munthu. Dzuwa linapendeka ndidakali pomwepo, ndili ndi kamulu kosadzaza ndi chikhatho, ndiponso sindinkadziwa ngati n'ka amayi kokhakokha.

Atate atafika, ndinamva kwa nthawi yoyamba a Zabeta akukweza mawu. Ankalankhula Chinyungwe mothamanga, ndipo ine ndinangotolapo dzina langa ndi mawu akuti lero. Atate anabwera kuseri kuja n'kunjuta pafupi nane.

"Rozina, mwana wanga, kumunda kuja sindinapite," anatero. "Ndinapita kukaika amayi ako."

Sindinakuwe. Ndinangoyang'ana mutu wawo, pomwe tsitsi linali litayamba kale kumera, ndipo ndinazindikira chimene ndinaseka tsiku lija. A Zabeta anatola lichero, nabwezera tiyi yense m'kachitini, wawo ndi wa amayi pamodzi, n'kukaika pafupi ndi phazi langa. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, fumbi lakuda linkayenderera m'makoma.

Ndinakhala nawo mpaka malume atabwera kudzanditenga nthawi yokolola, ndipo nthawi yonseyo sindinawaitanepo a Zabeta kuti amayi. Mumtima mwanga anali munthu amene anatseka njira. Ndinkaganiza kuti tiyi akanatha pa nthawi yake, amayi akanakakamizika kubwera, chifukwa iwo sankanama.

Zinanditengera kukula, kuyika maliro angapo, ndi kuyimapo ndekha pamaso pa mwana ndili ndi uthenga wolemera m'kamwa, kuti ndione zimene a Zabeta ankaona. Uthengawo sunali wawo kuti aunene, poti maliro a mkazi mnzako sulengeza ndiwe, ndipo mwini wake, atate, anali atagwidwa ndi mantha. A Zabeta ankawerenga timizere tanga tija monga ine ndemwe, akudziwa kuti tsiku limene ndidzaone pansi pa kachitini ndidzakhala ndili ndekha kuseri kwa nyumba, popanda wondigwira dzanja. Ndiye akaweruka kochapa ankadzera m'makhitchini a Azungu aja, kupempha ophika kuti asataye zotsalira za m'mapepala. Ine ndinkati akuchedwetsa amayi anga. Pa zonse zimene ndinawanenera tsiku lija, iwo anapepesa chimodzi chokha, chakuti anasowa nachesi.