Chinangwa cha Mayina Awiri

Utsi wa nyama yootcha ukandipeza ngakhale lero, ndimaona agogo Osvaldo neba wathu, ataima kuseri kwa mpanda wathu ku Mirrabooka kuno kunja, akukupiza makala ndi katoni, mafuta akudonthera pamoto, wailesi ikubwebweta Chipwitikizi. Anali a ku Brazil, chakumwera, ndipo Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankakuwa kuti, "Malawi, come, come!" Banja lonse dzina lathu linali lomwelo.

Ankakhala ndi mwana wawo, mpongozi wawo Rita, ndi kamdzukulu kamene ankakabereka pakhosi tsiku lonse. Agogo ndi Rita ankakonda kukangana pa dzina la chinangwa. Agogo ati ndi aipim, Rita ati ndi macaxeira. Ine ndinkangoti kakasi: dziko limodzi, chinangwa chomwechi timakazinga kwathu, vuto lili pati?

Chaka cha chisankho kwawoko, foni ya agogo sinkapuma. Tsiku lina anatimvetsera uthenga wochokera kwa msuweni wawo, n'kutimasulira m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. Ati anthu a kumpoto chakum'mawa kwa Brazil ndi alesi, amavotera aliyense wowapatsa thumba la nyemba, ndipo kumeneko ndi akufa omwe amavota.

Kwawo kwa Rita kunali komweko. Anaika mbale pansi n'kufunsa mofatsa, "Munafikako?"

"Ndikatani? Aliyense amadziwa."

"Ndilozereni kwathu." Anawatsegulira mapu pafoni. Chala cha agogo chinazungulirazungulira n'kukagwa pakati pa nkhalango ya Amazon, kutali zedi ndi kwawo kwa Rita.

Amayi anafuna kuziziritsa zinthu, n'kuwanong'oneza bambo kuti, "Aaa, ndi ambwenumbwenu awo basi, dziko lililonse lili nawo."

Bambo sanaseke. "Make Thoko, amayi anga kwawo ndi ku Rumphi. Mwaiwala?"

Apa m'pamene ndinamva koyamba kuti nafenso tili ndi dzina lonyozera anthu a kumpoto. Ndikwiyire ndani? Agogo Osvaldo ndiwo anandiphunzitsa kupalasa njinga, ndipo amayi anga omwewa ankatumiza mankhwala kwa apongozi awo ku Rumphi osadandaula.

Rita ndi mwamuna wake anasamukira ku Bentley, dera lina la mzinda womwewu, kamdzukulu kaja anapita nako. Agogo sanapepese, komanso sanasiye kudikira pageti. Tsiku lina anandifunsa, maso ali ofiira, "Ndinanama pati? Zinali pafoni." Mpaka pano sindikudziwa ngati ankafunsa ine kapena ankadzifunsa okha.

Anamwalira ine ndili ku yunivesite. Ndimawakondabe, ndipo zimandipweteka kuti anataya mdzukulu chifukwa cha dera limene sanalipondepo. Masiku ano gulu la abale athu pafoni likayamba zoti a chigawo chakuti ndi otere, mtima umandithamanga.

Chaka chatha ndinakumana ndi Rita m'basi, ali ndi mdzukulu wa agogo uja, tsopano mnyamata wamtali kundiposa. Nditamuuza mnyamatayo kuti agogo ake ankamubereka pakhosi, anandiyang'ana ngati mlendo, n'kufunsa m'Chingerezi cha kuno kuti ankaoneka bwanji.