Mitengo Imene Ndinaidula Ngati Fodya

Mwana wanga wamwamuna amagwira ntchito kunyanja yamchere, ku Inhambane, kumene ine sindinapondeko. Amapala matabwa oti anthu aziimapo n'kumakankhidwa ndi mafunde. Amawatchula kuti pulansha. Atandiuza koyamba ndinaseka mpaka kutsokomola. Munthu wamkulu, ndevu pepeya, kukwera thabwa pamadzi, osawedza, osawoloka, kungopita n'kubwerera. Koma ntchito imeneyo ndi imene inanditengera mwana, ndipo chimwalirire bambo ake anali asanabwerenso kumudzi.

Tsiku lina anatulukira ndi thumba la tizidutswa ta mizu, totalika ngati chala. Anati ndi mtengo wotchedwa paulonia, wokula msanga, wa thabwa lopepuka. Kuntchito kwawo ankachita kuitanitsa matabwa ake kutali.

"Amayi, tibzale kuno ku Tsangano mizere isanu," anatero. "Ikakhwima ndizibwera chaka chilichonse kudzacheka mzere umodzi."

Za matabwazo sindinazilabadire. Ine ndinawerenga maulendo asanu.

Tinabzala kumunsi kwa munda wa kachewere, kutsikira kudambo. Asanakwere chapa, minibasi yobwerera kuntchito, anandisiyira lamulo. Chaka chikatha, masamba akayoyoka nthawi yozizira, ndidule mitengo yonse pansi penipeni. Pachitsa padzatuluka mphukira, ndisiyepo imodzi, ndipo imeneyo idzakwera yowongoka ngati nsungwi. Anabwereza katatu. Ndisanamizire makutu, ndinamva bwinobwino.

Mitengo inakuladi mochititsa mantha. Pokolola chimanga inali itandipitirira msinkhu, masamba ake aakulu ngati lichero. Amayi opita kumsika ankandiseka kuti ndabzala maambulera. Pakhomo ndinali ndekha, tsiku limatha ndisanalankhule ndi munthu, choncho m'mawa uliwonse ndinkatsikira kumitengoko n'kumaiuza za mawondo anga ndi za mtengo wa feteleza.

Kutazizira ndinanola chikwanje n'kupita. Ndinaima pamtengo woyamba nthawi yaitali, dzanja likukana. Chinthu chagwira, chakula, chili ndi moyo, ndichigwetse ndekha?

Ine ndinakulira ku Chidzolomondo, ku Macanga, m'minda ya fodya. Fodya sitimudula pansi, timamudula nsonga kuti mphamvu ibwerere m'thupi. Ndinadzifunsa kuti mwana amene anathawa khasuyu angandiphunzitse chiyani za mbewu. Ndiye ndinadula nsonga, mtengo uliwonse polekezera phewa langa. Mzere wakudambo wokha unali utapsa ndi chisanu, wakuda bii. Umenewo ndinaudula pansi chifukwa ndinkauyesa wakufa, ndipo sindinafune kuti odutsa aone.

Madzulo ake mwana anaimba foni.

"Mwadula, amayi?"

"Ndadula."

"Yonse?"

"Yonse."

Sanafunse kuti ndadulira pati, inenso sindinanene.

Mitengo yanga inachita mphanda, nthambi uku ndi uku, mthunzi wokoma, kenako maluwa ofiirira odzaza njuchi. Ndinkainyadira. Mzere wakudambo uja unaphukanso. Ndinasiya mphukira imodziimodzi monga ananenera, ndipo inakwera njoo, yopanda mthunzi, yosasangalatsa kukhalapo. Chaka chilichonse mwana ankati ndiyeze thunthu ndi chingwe. Ndinkayeza kumunsi, konenepa, n'kumuuza. Iye ankati, "Pang'ono basi, amayi." Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Atabwera anabwera ndi bambo wina wa makina ochekera. Ndinali nditazira nyumba, nditaphanso tambala. Sanakhale pansi, anangomwa madzi n'kutsikira kumunda, ine pambuyo. Atafika pamzere woyamba anaima. Anagwira pamphanda, analowetsa chala m'kabowo kamene kanali pamenepo, chala chinatuluka ndi zowola.

"Amayi, munadulira apa?"

"Ngati fodya," ndinatero.

Akanandikalipira ndikanapeza poyankhira, pakamwa ndili napo. Koma anangofotokoza motsitsa mawu, ngati akulankhula ndi wodwala. Pulansha imafuna thabwa lalitali kuposa munthu wamtali, lopanda mfundo. Mathunthu anga ankathera paphewa langa, ndipo pamene ndinadula paja madzi amvula ankalowa chaka ndi chaka. Bambo wa makina uja ankayang'ana kumbali. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Anacheka mzere wakudambo wokha. Matabwa ake anali oyera, opepuka moti ndinanyamula limodzi ndi dzanja limodzi. Mwana anawasisita, nkhope yake inawala, ndipo zinandipweteka kuona mmene akanasangalalira ikanakhala yonse. Anagona masiku atatu.

"Yotsalayo muzisonkhera moto, kapena mupatse omanga zigafa," anatero akumanga katundu.

"Ubweranso liti?"

"Tiona, amayi. Ntchito."

Sindikuti sandikonda. Ulendo wake ndi wa masiku, ndipo abwana ake amamulola akamakatenga matabwa, osati kukaona nkhalamba. Maulendo anayi ndinawadula ndekha ndi chikwanje changa.

Kutaziziranso ndinatenga nkhwangwa ya malemu bambo ake. Mathunthu anali atanenepa, ndipo patsiku ndinkagwetsa umodzi, ndikalimba iwiri. M'manja munatuluka matuza, anaphulika, anatulukanso. Amayi akumsika aja anati ukalamba wandilowa m'mutu. Nditagwetsa womaliza, kumunda kunali mbee, popanda pokhala, popanda wouza za mawondo. Ndinalira ndili chiimire.

Mvula itagwa zitsa zinaphuka. Ndinasankha mphukira imodzi pachitsa chilichonse, zinazo n'kuthyola. Kenako ndinaimba foni ndine.

"Ndadula," ndinatero. "Pansi."



"Amayi, ndiye zaka zina zisanu ndi chimodzitu."

"Kuwerenga ndimadziwa."

Chino ndi chaka chachiwiri. Mitengo yakwera njoo, yonse, ndipo tinthambi ta m'mbali tikutulukira pamene dzanja langa silifika. Ndamangirira mpeni kunsonga ya nsungwi. Kutsika kumundako ndimatsika bwino, koma pokwera ndayamba kupuma kawiri, pamene chaka chatha ndinkapuma kamodzi.