A Mchira ndi Pasipoti Yomatidwa

Tsiku limene a Mchira anagwa pakhomo pawo pomwe, mzere wathu wonse wa nyumba unali panja. Linali Loweruka m'mawa, amayi akuchapa, abambo akunamizira kukonza mawailesi. Iwo anatuluka atavala zonse za ku kalabu: jombo, magolovesi, chisoti chakuda, pamwamba n'kuponyapo vesiti yachikasu yonyezimira. Anakwera njinga yamoto yawo, kuiliza mpaka makanda kudzidzimuka, n'kutikwezera dzanja ngati nduna. Njinga inadumpha kamodzi n'kuima. Eni ake sanaime nayo, anapitirira okha n'kukatera m'beseni la thovu la mayi telala, oyandikana nawo nyumba. Anali ataiwala kuti tayala lakumbuyo analimangirira kunsanamira ya khonde ndi tcheni, monga amachitira masiku onse.

Anadzuka osathyoka paliponse, thovu likuchucha m'chisoti. Bondo lawo sanaliyang'ane n'komwe. Anayang'ana ife, mmodzimmodzi, kufuna kudziwa amene anakhoma loko. Kiyi anali m'khosi mwawo, pachingwe.

Ndiwo a Mchira amenewo. Ntchito yawo ndi yomata matayala, pakashedi kamalata pafupi ndi pokwerera basi. Mukafikapo mupeza mgolo wodula pakati wodzaza madzi akuda omizamo machubu, pampu, vaisi yopanira zinthu yomangirira pathabwa, ndi chitini chakale cha mkaka chosungiramo zigamba. Dzanja ali nalo, zimenezo palibe angatsutse. Chigamba chawo chimatha pamodzi ndi chubu. Koma mukawapatsa moni mokoma kwambiri amayamba asuzumira m'chitini muja asanayankhe. Mwambi wawo ndi umodzi, wa chikomekome cha nkhuyu, ndipo anaunenapo ngakhale paukwati wa mwana wa mchemwali wawo.

Dzina la Mchira analipeza ku kalabu ya njinga zamoto. Ndi gulu la abambo amimba, lotsogozedwa ndi tcheyamani, mwini butchala wa pamsika. Ali ndi lamulo lawo lapamsewu. Wokwera kumapeto kwa mzere, amene amamutcha Mchira, ndiye amavala vesiti yachikasu ndi kunyamula chikwama cha zida. Sapitirira mnzake, ndipo kumbuyo kwake sikutsala munthu. Pamlatho, pamafuta, pachakudya, iye ndi womaliza, ndipo gulu silinyamuka iye asanalize hutala. Ena udindo umenewu amauthawa chifukwa cha fumbi ndi utsi wa anzawo. A Mchira anaugwira zaka zambiri ngati cholowa cha makolo. Akazi awo, mayi a mapasa, anandiuza pampopi kuti bamboyo mtima umakhala m'malo pokhapokha anthu onse akuwaona misana.

Munthu mmodzi yekha ankaisirira vesitiyo poyera: mlamu wawo, mchimwene wa mayi a mapasawo, wokonza mafoni, nayenso wa m'kalabumo, amene tonse timangoti a Chaja. Ankakonda kuisisita n'kumati, “Alamu, mukadzakalamba musadzaitaye, ine ikundikwana.” A Mchira ankaseka ndi mano okha.

Ndiye kalabu ina ya dziko loyandikana nalo inawaitana kumkumano waukulu wa okwera njinga. Kuchoka pamenepo mzere wathu sunapume. Kunafunika mapasipoti, mapepala a njinga iliyonse, inshuwalansi yakunja, ndi makadi a katemera. Abambo amene amathamanga pamsewu osaopa imfa tinawaona akubwerera kuchipatala atagwira mkono ngati ana. A Mchira anali asanatulukepo m'dziko. Anakaima pamizere ya kuofesi mpaka jombo kuwatentha, n'kukangana ndi wojambula chifukwa anawajambula kawiri, iwo n'kumafunsa kuti chithunzi chinacho chikupita kwa ndani. Pomaliza pasipoti inatuluka, yatsopano, yonunkhira bwino.

Mlembi wa kalabu, mphunzitsi wofatsa, anapempha kuti mapasipoti onse asungidwe m'chikwama chimodzi kunyumba kwake mpaka tsiku la ulendo. Onse anapereka kupatula a Mchira. Anati munthu sapereka nkhope yake kwa mnzake kuti akagone nayo. Kunyumba, mayi a mapasa anawatsegulira sutikesi ya zikalata za ana, iwo n'kukana. Ankaganiza kuti mayiyo adzaibisa, poti anali atafunsapo kangapo ngati kumkumanoko kumakhalanso akazi. Pansi pa matiresi panali poyera kwambiri. Kushedi kunali makoswe ndi makasitomala. Anasankha malo amene wokwera njinga aliyense amawakhulupirira kuposa banki: kabokosi ka pansi pa mpando wa njinga, pamodzi ndi masipanala ndi chinsanza cha oyilo.

Sanauze munthu. Kungoti ankatsegula mpandowo m'mawa, masana ndi madzulo, kusuzumiramo, kutseka, n'kuyang'ana uku ndi uku. Sabata isanathe ngakhale ogulitsa nthochi ankadziwa pamene pali pasipoti ya a Mchira.

Ulendo utayandikira, kalabu inakumana kuseri kwa butchala kutsuka njinga kuti zikawale kwa eni dziko. Paipi ya madzi inali m'manja mwa a Chaja. Ena amati a Chaja anathira njinga zonse mofanana. Ena amati pa ya alamu awo anachedwapo, akuimba mluzu. Ine kunalibeko. Chimene chikudziwika n'choti a Mchira atafika kunyumba anapeza pasipoti itamwa madzi, masamba atatupa, ndipo kapulasitiki kophimba chithunzi katamatuka pakona.

Munthu wina akanathamangira kuofesi. Koma a Mchira ankadziwa kuti akafunsa munthu mmodzi, nkhani ifika kwa mlamu wawo dzuwa lisanalowe. Ndiponso chinthu chomatuka si chachilendo kwa iwo. Anapita nayo kushedi, kuiyanika padenga la malata, kenako n'kuigwira monga amagwirira chubu cha kasitomala wolemekezeka. Anapala pang'ono pakonapo ndi sandipepa kuti guluu agwire. Anapaka guluu wa matayala ndi chala, kuuzira mpaka aume pang'ono, kumata, n'kuipanikiza m'vaisi pakati pa timatabwa. Inatulukamo yolimba gwa. Mukanaikoka ndi mano sikanamatuka. Kungoti khutu limodzi la pachithunzi linasanduka lofiirira, ndipo tsamba lonse linkamveka fungo la kushedi.

Ananyamuka mwaulemu wonse, tcheyamani kutsogolo, a Mchira kumbuyo, tcheni atakumbukira kumasula. Za paboda ndinazimva kwa anthu angapo, ndipo zimasiyana pang'ono pokha. Anafika masana, dzuwa likuswa mtengo, malole ataima mzere wautali. Mlembi anagawa mapasipoti kuchokera m'chikwama chake, onse oyera ngati sanagwiridwepo. Analowa m'holo mwa dongosolo lawo lapamsewu, aliyense kudinditsa, kutuluka khomo lina, kuonetsa mapepala a njinga, n'kuikankhira kuseri kwa chitsulo chotchinga msewu. A Mchira, monga mwa lamulo, anali omaliza. Akanakhala oyamba mwina gulu likanakhala pansi n'kuganiza. Koma pamene ankafika pawindo, anzawo onse anali atadindidwa kale kuti atuluka m'dziko, akuwotha dzuwa tsidya la chitsulo, kudikira hutala.

Amati tsoka silinunkha, koma la a Mchira linanunkha. Ofisala wa pawindo, mayi wamagalasi, anatsegula pasipoti, kukwinya mphuno, n'kuinunkhiza. Anapitsa chikhadabo pakona paja. Anayang'ana chithunzi, kuyang'ana a Mchira, n'kuwauza kuti atembenuke aone khutu. Kenako anaitana mnzake, mnzakeyo n'kuitana wamkulu wawo, ndipo onse ananunkhiza mosinthana.

“Bambo, chithunzichi anamata ndani?” anafunsa wamkuluyo.

“Ndinamata ndekha, bwana,” anatero a Mchira. Ndipo akuti ananena monyadira ndithu, n'kuwonjeza kuti sichidzamatukanso.

Anawalowetsa m'kachipinda ka benchi limodzi ndi fani yakufa. Kumeneko munthu amene wakhala moyo wake wonse akukayikira anzake anamva mmene zimakomera. Anawafunsa dzina la mayi awo, kubwereza, kudzafunsanso mwadzidzidzi. Anawafunsa amene anali pachithunzi poyamba, ndiponso kuti mwini pasipoti weniweni ali kuti. Anakhuthula chikwama cha zida patebulo, ndipo atapezamo guluu, sandipepa ndi lezala, anayang'anana ngati agwira fakitale yonse. A Mchira anafotokoza za paipi, za mlamu, za vesiti. Pamene ankafotokoza kwambiri m'pamenenso maofisala ankalemba kwambiri.

Anawapulumutsa ndi makina, amene anaonetsa kuti nkhope ndi zala n'zawodi. Wamkulu uja anawauza kuti sawatsekera, koma pasipoti yoonongeka chonchi siidutsa, ndipo akapemphe ina. Anawaperekeza panja mpaka pachitsulo.

Kumeneko anapeza tcheyamani akudikira, thukuta lili kamukamu, a Chaja ali pambali pake. Tcheyamani analankhula motsitsa. Anati lamulo loti Mchira sasiyidwa akulidziwa, ndi iye yemwe amene analipanga, koma anthu adindidwa kale, eni mkumano akudikira, ndipo gulu silingayende mtunda wonsewo popanda zida ndi womaliza. Sanatchule vesiti. Anangoiyang'ana.

A Mchira anaivula pang'onopang'ono, kuipinda, n'kuipereka pamwamba pa chitsulo pamodzi ndi chikwama. A Chaja anati, “Pepani alamu, ndikusungirani bwino,” koma akuti mkono umodzi unali utalowa kale mawu asanathe. Inawakwana ndendende. Hutala inalira, gulu linanyamuka, ndipo a Mchira anaona misana ya anzawo monga mwa masiku onse, kungoti ulendo uno inkachepa.

Anabwerera okha. Tinawaona akulowa mumzere wathu injini itazimitsidwa, akukankha ndi miyendo. Mayi a mapasa anangotsegula sutikesi ija n'kuisiya pakama yotsegula, tsiku lonse.

Gulu litabwerako linakhala pansi kuseri kwa butchala. Anagwirizana kuti a Chaja anagwira bwino ntchito, ndipo vesiti ikhale kwa iwo kufikira a Mchira atapeza pasipoti ina, kenako adzaonanso. Aliyense amene anakhalapo m'gulu amadziwa tanthauzo la kudzaonanso. A Mchira anawaika pakati pa mzere, kumbuyo kwa mlembi. Tsopano akamakwera, maso amakhala pagalasi kuposa pamsewu, ndipo anatsala pang'ono kugunda ngolo chifukwa choyang'ana kachikasu kamene kamawatsata kumbuyo.

Kushedi nkhani ndi yomweyo. Kasitomala aliyense amamva mndandanda wa okayikiridwa: a Chaja ndi paipi yawo, mlembi amene anaumirira za chikwama, tcheyamani amene anafika pachitsulo ndi mlamu kale pambali, ngakhale mayi wamagalasi uja, amene mphuno yake akuti inachita kuuzidwa. Chimene chimawasowetsa tulo kwambiri n'choti vesiti inamukwana bwanji munthu wochepa thupi chonchija.

Sabata yatha anaganiza kuti apeza umboni. Vesitiyo anaisoka ndi mayi telala, omwe aja a beseni la thovu, ndipo ngati wina anaibweza m'mbali mwakabisira ulendo usanachitike, ndiye kuti inadutsa pamakina awo. Anapita pakhonde pawo, ine ndili pomwepo kudikira siketi yanga. Anazungulira nkhani, kuyamikira makina, kufunsa za ana, kenako n'kufunsa motsitsa ngati mlamu wawo anabwerapo kudzayezetsa chifuwa ndi tepi.

Mayi telala sanasiye kupalasa makina. Anamaliza msoko, kudula ulusi ndi mano, n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

“Bambo a mapasa, vesiti yanu sindinaikhudze, ndipo palibe anakuchitani chipongwe. Munadzichita nokha. Pasipoti si chubu.”