Amayi agona m'galimoto tisanaigule

Mwaswera bwanji nonse. Nkhani ya galimoto ija yatha lero, koma imvani mmene yathera.

Wogulitsa uja anabwera pa boma ndi magalimoto awiri, onse oyendapo kale. Ina yakuda, yonyezimira, yotsika, mipando yachikopa. Inayo yoyera, yaitali kumbuyo, penti inasupuka pachitseko. Achimwene a Fatsani maso anali pa yakuda basi, akuti tikafika nayo kutchalitchi anthu acheuka.

Tinaiyesa mumsewu wa ku Matandani. Pachitunda choyamba chomwe inakhula mimba pamwala. Achimwene anangokweza wailesi ngati sanamve.

Titabwerera, amayi sanafunse za injini kapena mafuta. Anauza wogulitsayo kuti apinde mipando yakumbuyo ya yoyera ija, anavula nsapato, kuyala chitenje, n'kugona chagada anthu akuonerera. Ine manyazi! Ndinati, "Amayi, mukutani kodi?"

Anati, "Ndikuyeza ngati bambo anu angakwanemo. Dzinja lathali tinapita nawo kuchipatala panjinga yamoto, ine nditawagwirira kumbuyo, mutu uli lendelende. Zimene zija sindizifunanso."

Achimwene, poti msinkhu ndi wa bambo, anavula nsapato nawonso n'kugonamo. Anakwana bwinobwino, mapazi osagunda chitseko. Podzuka ananena okha kuti, "Titenge iyi."

Ndiye tatenga yoyera, ndipo ine mtima uli m'malo. Bambo ataiona pakhomo akondwa, angofunsa kuti kumbuyoko kungalowe matumba angati a mbatata.

Eti abale, tiwauze kuti malowo amayi ayezera iwowo, kapena tiwasiye ndi mbatata zawo?