Ndinamusiyitsa kuthamanga Edisoni

Inu owerenga, ine ndinawononga moyo wa mnzanga ndi pakamwa pangapa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Inali nthawi ya nkhondo. Boma la azungu linkasaka anyamata omenyera ufulu, anyamata nawonso ankasaka anthu ogulitsa anzawo kwa apolisi. Ine ndi Edisoni tinakulira limodzi ku Highfield, komboni ya anthu akuda m'dziko la eni, makolo athu onse ochokera ku Nyasalande, ndipo tonse tinachita mwayi wolowa yunivesite. Ife ana a obwera ankatikayikira kale, ati tinalibe nthaka yoti tiifere. Mawu amenewa ankandidya mumtima.

Chaka chathu chachiwiri Edisoni anayamba kuthamanga. M'mawa uliwonse ankavala kabudula ndi nsapato zansalu n'kuliyatsa liwiro. Pa tchuthi njira yake inkadutsa pa masitolo a Machipisa, n'kulambalala kampu ya apolisi, n'kubwerera. Munthu amene m'mbuyomo ankangokhala ndwii, chakudya osachikhudza, tsopano ankabwera thukuta kamukamu akuseka. Chomusangalatsa kumeneko n'chiyani? Nditamufunsa anangoti zimamuthandiza, n'kusintha nkhani. Ine basi mutu unayamba kuluka zake.

Sindinamuonepo akulankhula ndi wapolisi ngakhale kamodzi. Komabe ndinanong'oneza ophunzira anzathu kuti asamale naye. Ndivomere, ndinkafuna aone kuti ine si wogulitsa ngati mmene ankatiganizira. Nkhani inafala. Akalowa m'chipinda chodyera anthu ankangoti zii. Tsiku lina anapeza nsapato zake zitadulidwadulidwa ndi lezala, ndipo sanathamangenso.

Pasanathe miyezi iwiri anasiya kulowa m'kalasi, ankangodzitsekera m'chipinda, mayeso osalemba. Atamutengera kwawo ndinapita kukamuzonda. Mayi ake anandilandira ndi manja awiri, osadziwa kanthu. Anandifotokozera kuti chichokereni mkulu wake kupita kunkhondo ku Mozambique osamvekanso, Edisoni ankavutika maganizo, mpaka namwino wakusukulu anamulangiza kuti azithamanga. Ankabisa poopa kuti anthu azimutchula wamisala.

"Mwananga, kuthamanga kuja ndiye anali mankhwala ake," anatero mayiwo. "Iwe ndiwe mnzake. Ukudziwa amene anamusiyitsa?"

Ndinati sindikudziwa, mayi.

Edisoni sanabwererenso kusukulu. Ine ndinamaliza, ndinapeza ntchito yabwino, koma iye zaka zake zinathera pakhonde la mayi ake, akuyang'ana anthu odutsa mumsewu.

Inu ophunzira, mukaona mnzanu wadzuka kukathamanga, kukamenya mpira kapena kungoyenda mtunda, musafulumire kumupangira nkhani. Simukudziwa chimene akulimbana nacho m'mutu mwake. Ngati mwadabwa, valani nsapato mupite naye, mukaone nokha. Ndipo ngati munalakwira munthu, ululani anthu ake akadali moyo. Mayi aja anamwalira akuuzabe anthu kutchalitchi kuti mwa anzake onse a mwana wawo, wokhulupirika ndinali ine ndekha.