Golosale ya pa Nathenje aigwetsa, achimwene

Achimwene, golosale yakale ija ya pa Nathenje aigwetsa. Ndaona lero ndili m'minibasi, pangotsala mulu wa njerwa, ndipo ndakumbuka tsiku lomwe munandikwiyitsa. Ndinali nditangoyamba ntchito ya uphunzitsi ku Mitundu, nditavala diresi yatsopano, ndipo ndinakupemphani kuti tipatse kamera yanu munthu wodutsa atijambule awiri. Munati filimu yatsala ya chithunzi chimodzi. Kenako munandikankha pang'ono paphewa: "Tapatuka Esinati, ukutchinga mzati." Munadikira kuti dzuwa lipendeke mpaka mithunzi ya mizati itagona pakhonde, munagwada m'fumbi n'kujambula khoma losuwa lopanda munthu. Nditadandaula munangoti, "Ife tilipo, tidzajambulitsa. Nyumbayi ndiye ikupita."

Munanama, achimwene. Munayamba kupita ndinu, nyumbayo n'kutsala ili chilili zaka zonsezi. Pa maliro anu tinakhuthula katoni yonse ya zithunzi zanu. Munali makonde, mazenera, misewu yafumbi ya pa Mitundu, msika anthu asanafike, koma nkhope yanu sitinaipeze. Papulogalamu tinaika chithunzi cha pachiphaso, chomwe munkadana nacho chija. Omwe ankakusekani kuti mumathera filimu pa zipupa abwera posachedwa kudzapempha chithunzi cha golosaleyo kuti aike pafoni. Ndiwapatsa, n'chokongoladi, sindingakane. Koma mwana wanu wayamba kundifunsa kuti bambo ake ankaseka bwanji. Ndimuonetse mzati uti?